Bolodi ikatsala ndi mafumu ndi maponi okha

Pa 12 Disembala 2024, ku Singapore, mpikisano wolimbirana ukatswiri wa chesi pa dziko lonse unatha pa bolodi patatsala zinthu zisanu zokha: mafumu awiri ndi maponi atatu. Ding Liren wa ku China, mwini mpando, anali ndi zoyera. Gukesh Dommaraju wa ku India, mnyamata wa zaka 18, anali ndi zakuda. Inali gemu ya 14, yotsiriza, aliyense ali ndi mapointi 6.5, ndipo oonera ambiri anali atavomereza kale kuti awa alepherana, akathana mawa pa magemu aliwiro. Gukesh anali ndi poni imodzi yoposa mnzake, inde, koma aliyense anali akadali ndi ruku ndi bishopu, maponi onse ataunjikana mbali imodzi. Malo otere munthu wa msinkhu wa Ding amawateteza mosavuta.

Ndiye pa muvu ya 55 Ding anaika ruku pa f2 (kabokosi kalikonse ka pa bolodi kali ndi dzina lake: chilembo kuyambira a mpaka h chopingasa, ndi nambala kuyambira 1 mpaka 8 kuchokera mbali ya zoyera), kuitanira kusinthana. Gukesh anadya, Ding anabwezera ndi mfumu, kenaka bishopu wakuda anadzakhala pa d5, kuyang'anizana ndi bishopu wa Ding amene anali pakona, pa a8. Bishopu wapakona ali ndi njira imodzi yokha, ndipo njirayo ndi imene inatsekedwa. Anasinthananso. Ding anapita ndi mfumu pa e3, Gukesh anaimika yake pa e5, Ding n'kutambasula dzanja. Zinathera pomwepo, 7.5 kwa 6.5, ndipo mbiri ya Garry Kasparov yokhala wamng'ono kuposa onse kutenga mpandowo, poti anautenga mu 1985 ali ndi zaka 22, inafufutika.

Kuno ku Lusaka kunali masana a Lachinayi, nyengo ija magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse madzi atachepa ku Kariba. Ambiri tinaonera pa mafoni, mtima uli m'mwamba kuti batire ingathe gemu isanathe. Madzulo ake pa gulu lathu la WhatsApp funso linali limodzi: "Koma wagonjeranji munthuyu? Chifukwa cha poni imodzi basi?" Ofunsawo sanali ongoyamba kumene ayi. Ena mwa iwo njira yoyambira gemu yotchedwa Sicilian anailoweza pamtima mpaka kutali, ndipo pa gemu ya mphindi zitatu sungawagwire.

Tiyeni tiwayale malowo. Mfumu yoyera pa e3, poni yake pa g3. Mfumu yakuda pa e5, maponi pa f5 ndi g4. Woyenda ndi wa zoyera, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Mfumu ya pa e3 yaima pabwino zedi, yatseka d4, e4 ndi f4. Kukanakhala kololedwa kunena kuti "ine ndakhala, yendani inu," Ding sakanagonja. Chesi silola zimenezo. Akapita d3, wa zakuda akankha poni pa f4. Akaidya, mfumu yakuda idyanso pa f4, ndipo pamene yoyera ikubwerera pa e2, yakuda yafika kale pa g3, kenaka h2, n'kuperekeza poni ya g mpaka ikasanduke kwini. Akapita f2, mfumu yakuda ilowera pa d4, izungulira pang'onopang'ono mpaka ikadye poni ya pa g3. Tsono ikanakhala nthawi ya Gukesh yoyenda, malo omwewo osasintha kanthu, bwenzi atalepherana: Ding akanangomutsata, uyo akapita d5 iye d3, akabwerera e5 iye e3.

Izi ndi zija amazitcha opposition. Mafumu ayang'anizana, pakati pali kabokosi kamodzi, ndipo amene ayenera kuyenda ndiye wapereka njira. Amene anayendetsapo galimoto m'tinjira ta m'komboni nthawi ya mvula, ku Kalingalinga kaya ku Chawama, akudziwa momwe zimakhalira magalimoto awiri akakumana mphuno ndi mphuno, uku ngalande uku mpanda wa munthu: woyamba kubwerera m'mbuyo ndiye wataya njira. Kungoti pa chesi simungatulutse mitu pa zenera n'kumakangana, lamulo linanena kale kuti wobwerera ndani.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa si kuti anzanga sadziwa dzina la chinthuchi. Ndi momwe timalowera m'mapeto otere, ngati kuti tikupita kokapuma. Ding sanalakwitse m'mapeto a maponi. Atafikamo munalibenso choti achite. Analakwitsa pakhomo, pomwe anavomera kusinthana ruku. Pa bolodi pakakhala maruku ndi mabishopu, mawu oti "ndili bwinoko" kapena "zandithina pang'ono koma ndilimba" amakhala ndi tanthauzo, chifukwa ukalakwitsa pang'ono umakonza kutsogolo. Zikangotsala mafumu ndi maponi, "bwinoko" watha ntchito. Wapambana, waluza, kapena mwalepherana, ndipo yankho limakhala lilipo kale usanagwire kanthu. Poni siibwerera m'mbuyo, ndipo ruku imene wapereka siidzukanso.

Koma chesi yathu ya m'tauni muno ndi ya liwiro. Wotchi ndi foni yoikidwa pambali pa bolodi, mphindi zitatu kapena zisanu, woluza anyamuke. Achinyamata amaphunzira misampha ya kumayambiriro pa YouTube, ndipo aliyense amafuna kudzakhala Amon Simutowe, mwana wa ku Ndola amene anatenga ukatswiri wa dziko lino ali ndi zaka 14 ndipo mu 2009 anakhala grandmaster (katswiri wa mlingo wapamwamba pa chesi) woyamba wochokera kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Kufunako n'kwabwino. Koma munthu sufika kumeneko ndi misampha yokha, chifukwa amene ukakumane nawo misamphayo anaiona kale, ndipo amakutengera mwadala kumene kulibe chobisalira.

Loweruka masana timakumana pakhonde la malo ometera tsitsi ku Chilenje. Bolodi yathu ndi ija yokulunga, yobiriwira ndi yoyera, ndipo poni imodzi yakuda inasowa kalekale, m'malo mwake timaikapo chitsekerero cha botolo. Pamabwera mdala wina wa ku Katete, mphunzitsi wopuma ntchito, amene sasewera gemu yathunthu ndi mwana asanamuyese. Amakokolola zonse pa bolodi ndi mkono, n'kusiya zitatu: mfumu yoyera pa e5, poni yake pa e4, mfumu yakuda pa e7.

"Sankha mbali, mdzukulu."

Mnyamata amene ndinamuona akuyesedwa tsiku lina, wa sekondale, sanaganize n'komwe. "Zoyera, agogo. Poni ndi yanga."

"Chabwino. Yamba ndiwe."

Mnyamata anapita d5, mdala d7. Mnyamata anakankha poni pa e5, mdala e7. Anakankhanso pa e6. Apa mdala ananyamula mfumu yake, anaigwira m'malere kanthawi ngati waiwala kumene ikupita, n'kuibweza molunjika kumbuyo, pa e8. Mnyamata d6, mdala d8. "Cheki!" anatero mnyamata mokweza, akumenyetsa poni pa e7, ometedwa mpaka kucheuka. Mdala anabwerera pa e8, n'kupinda manja. Dzanja la mnyamata linaima m'malere. Akapita e6 kuti ateteze poni, mfumu yakuda ilibe koyenda koma siili pa cheki: stalemate, kulepherana. Akapita kwina kulikonse, poni yadyedwa.

"Poni ikafika pa mzere wachisanu ndi chiwiri ikukuwa cheki, yadzipha yokha," anatero mdala. "Izifika mwakachetechete. Tembenuza bolodi."

Atatembenuza, anayenda momwemo mpaka poni inafika pa e6, ndipo mnyamata, m'malo mobwerera molunjika, anapatukira pa d8. Mdala d6, mnyamata e8, poni e7 popanda cheki, ndipo mfumu yakuda inakakamizika kutuluka pa f7. Mdala d7, nkhani yatha. Kabokosi kamodzi kokha, d8 m'malo mwa e8. Mnyamatayo anayang'ana bolodi ndwii, kenaka anati, "Tibwerezenso, agogo," ndipo anabwereza mpaka wometa anayamba kusesa.

Ndaona kuti amene anabwera ku chesi kuchokera ku draft, aja amasewera ndi zitsekerero pa masiteshoni a basi ndi kuseri kwa msika wa Soweto, zimenezi amazigwira msanga kuposa ana a pa intaneti. Ku draft munthu umakula ukudziwa kuti nthawi zina kuyenda n'kumene kumakupha, ndipo umawerengeratu kuti muvu yomaliza igwera ndani. Pa chesi amati zugzwang, ndipo pakati pa gemu siioneka kawirikawiri chifukwa pamakhala ka muvu kena kopanda vuto koti utayire nthawi. M'mapeto a maponi timamuvu totero timatha.

Mdala uja satchula mawu a m'mabuku, koma zimene amaphunzitsa ndi izi. Poni iliyonse, kupatula ya m'mphepete, ili ndi timabokosi take timene mfumu yake ikangopondapo, gemu yatha, kaya woyenda ndi ndani. Poni ikakhala pa mzere wachiwiri, wachitatu kapena wachinayi, timabokosito ndi titatu, mizere iwiri kutsogolo kwake. Ya pa e4 take ndi d6, e6 ndi f6. Ikafika pa mzere wachisanu timakhala tisanu ndi kamodzi, chifukwa ta pa mzere wotsatira nato tawerengedwa. Ukamvetsa izi, umaona kuti opposition si cholinga pachokha, ndi njira chabe yokankhira mfumu ya mnzako kuti uponde pamenepo. Umaonanso chifukwa chake kuthamangira kukankha poni kumawononga: poni ikasuntha, timabokosi take natonso tasuntha, kuthawa mfumu yako. Bwezani poni ija pa e3, mafumu akhale momwe analili. Tsopano wa zoyera apambana ngakhale ayambe ndi iye, chifukwa ali ndi muvu yosungira: akankha e4, udindo woyenda n'kugwera mnzake. Mamuvu osungira otere ambirife timawamwaza kumayambiriro, h3 apa, a3 apo, chifukwa chongosowa chochita, osadziwa kuti patsogolo tidzawalira.

Poni ya m'mphepete, ya pa mzere wa a kapena h, ndi yonyenga. Mfumu yoteteza ikangofika pakona, palibe mbali yoizungulirira, mwalepherana. Ngakhale isafike pakona: mfumu yoyera ikalowa yokha kutsogolo kwa poni yake ya a, yakuda imangoyenda c7, c8, c7, kuitsekera momwemo. Choncho ukamasinthana maponi uli pabwino, uziona kuti wotsala nawe asakhale wa m'mphepete. Ukakhala pamavuto, umusiyire mnzako ameneyo.

Za mpikisano wa mfumu ndi poni yothawa sinditayapo nthawi, ambiri amazidziwa. Poni ili pa a4: werengani a4 mpaka a8, timabokosi tisanu, werenganinso tisanu chopingasa mpaka e4, mwapeza bwalo la ngodya zinayi. Mfumu yakuda ikatha kulowa m'bwalomo pa muvu yake, poni yagwidwa, ikalephera, isadzivute. Poni imene siinasunthepo muziiwerengera ngati ili pa mzere wachitatu, poti imalumpha awiri. Mdala wa ku Katete akaona mwana akuthamangitsa poni imene yapita kale amangoti, "Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi."

Koma pali malo ena amene amaoneka ngati akunyoza mwambi umenewu, ndipo kwa ine ndi okongola kuposa china chilichonse pa chesi. Anawasindikiza mu 1921 ndi Richard Réti, katswiri wobadwa mu 1889 ku Pezinok, m'dziko limene lero ndi Slovakia. Mfumu yoyera ili pa h8, poni yake pa c6. Mfumu yakuda ili pa a6, poni yake pa h5. Woyenda ndi wa zoyera. Yang'anani bwino: poni yakuda yaitsogolera mfumu yoyera ndi mtunda woti siingaipeze, pamene poni yoyera ili pakamwa pa mfumu yakuda. Aliyense amene ndinamuonetsapo koyamba amati wa zoyera agonje, asatitayitse nthawi.

Mfumu yoyera ipita g7. Poni yakuda h4. Mfumu f6. Apa wa zakuda ayamba kuona kanthu: akapitiriza kuthamanga ndi h3, mfumu yoyera ikhotera e7, n'kukathandiza poni yake, ndipo onse awiri apeza kwini. Ndiye aima kaye kuti athane ndi poni ya c6, apita b6. Mfumu yoyera e5. Kabokosi kameneka ndiye mtima wa nkhani yonse. Wa zakuda akadya pa c6, mfumu yoyera ipita f4, yalowa m'bwalo la poni ya h, ndipo ikaigwira pa h2. Akati athamange ndi h3, mfumu yoyera ipita d6, poni c7, mfumu d7, makwini awiri, alepherana.

Palibe matsenga. Maso athu anazolowera kuti njira yolunjika ndiyo yaifupi, ndipo pa msewu ndi zoona. Pa bolodi ayi. Kuchoka h8 kufika h2 motsata m'mphepete ndi mamuvu 6. Kudzera g7, f6, e5, f4, g3 mpaka h2 ndi mamuvu 6 omwewo. Mfumu ikhoza kukhota, kukaopseza kwina, osataya ngakhale muvu imodzi, ndipo mamuvu awiri amene wa zakuda anawononga pokadya poni ya c6 ndi omwe aja ankasowa. Kuchoka e1 kufika e8 m'mamuvu 7 mfumu ili ndi njira 393 zosiyana, koma ife timaona imodzi yokha, yolunjikayo. Pa gemu yeniyeni phindu lake si kudikira kuti malo a Réti adzakugwere, sadzabwera. Ndi kuzolowera kufunsa, nthawi iliyonse mfumu ikanyamuka ulendo, kuti mwa njira zofanana kutalika, ndi iti imene ikugwira ntchito ziwiri, kapena imene ikutchinga mfumu ya mnzako ndi phewa kuti ichedwe.

Maponi okha nawonso ali ndi zawo. Ikani oyera pa a5, b5, c5, akuda pa a7, b7, c7, mafumu ali kutali mbali inayo. Zikuoneka zotsekeka. Wa zoyera akankha b6. Akadya ndi poni ya a, akankha c6, akadyanso, poni ya a yatsala yokha ndi msewu woyera. Akadya ndi ya c, akankha a6, yodutsa n'kukhala ya c. Wapereka awiri kuti mmodzi adutse, ndipo munthu wowerenga maponi ngati ndalama za m'thumba sangaganize zotere. Palinso kamsampha ka maponi awiri ogundana, yoyera pa e4, yakuda pa e5, mfumu yoyera pa d5, yakuda pa f4. Mfumu iliyonse ikuteteza poni yake ndipo ikuopseza ya mnzake. Woyenda ndiye woluza, kaya ndi ndani. Mukaona malo otere akubwera, musathamangire kufika, fikani wachiwiri.

Nanga ukakhala kuti udindo woyenda wagwera iwe, ungaubweze bwanji? Taonani apa. Mfumu yoyera d5, maponi a5 ndi c6. Mfumu yakuda c8, poni a6. Woyenda ndi wa zoyera. Akalowa d6, wa zakuda ayankha d8, ndipo kukankha c7 ndi cheki kukathera pa stalemate ija. Akapita c5 kuti akalowe b6, wa zakuda ayankha c7, njira yatsekeka. Koma akanakhala woyenda wa zakuda, bwenzi zake zitada. Ndiye wa zoyera ayenda ulendo wa ngodya zitatu: c4, d4, n'kubwerera d5, mamuvu atatu. Wa zakuda sangachite chimodzimodzi, chifukwa malo ake ndi opanikizika. Akangoponda c7 nthawi yolakwika, mfumu yoyera ikhala pa c5 iye ali woyenda. Amangoti d8, c8, ndipo apezeka pomwe anali, koma tsopano woyenda ndi iye. Akapita c7, yoyera c5 kenaka b6, poni ya a6 yapita. Akapita d8, yoyera d6, yakuda c8, poni c7 mwakachetechete, yakuda b7, yoyera d7, yakuda a7. Apa ndiye pamene pamagwera anthu pakhonde paja. Dzanja limathamangira kuika kwini pa c8, munthu akumwetulira, osaona kuti mfumu ya pa a7 yatsala yopanda koyenda. Stalemate. Choyenera ndi kudekha muvu imodzi, mfumu c6, yakuda a8, ndiye kwini abwere ndi cheki, n'kumaliza pa b7.

Tsono pali foni. Malo onse okhala ndi zinthu zisanu ndi ziwiri kapena kucheperapo, kuwerengera ndi mafumu omwe, makompyuta anawamaliza. Ntchitoyi inatha mu 2012 pa kompyuta yaikulu ya Lomonosov ku yunivesite ya boma ya Moscow, ndipo mu 2018 panatuluka mtundu wina wotchedwa Syzygy umene tsamba la chesi la pa intaneti la Lichess limapereka kwaulere. Ukaika malo a Ding aja, foni siganiza n'komwe, imangokuuza kuti wa zakuda wapambana. Sindidana nazo, ndi chuma chimene akatswiri akale sanachilotepo. Chimene ndimadana nacho ndi chizolowezi chimene chafala pakati pathu: gemu ikangotha, munthu asanapume n'komwe, foni yatuluka, "Injini ikuti apa unaluza." Unaluza chifukwa chiyani? Zii. Yankho lobwera usanavutike ndi funso silikhala m'mutu, ndipo sabata yotsatira munthu yemweyo alowanso m'dzenje lomwelo, maponi atangosunthira mbali ina.

Pakhonde pathu tinagwirizana kuti gemu ikathera m'maponi, mafoni aziyamba agona chafufumimba. Timabweza bolodi osati pamene poni inadyedwa, koma pamene panachitika kusinthana komaliza, ruku kapena hatchi zikadalipo. Wosinthanayo anene chimene anaona. Kawirikawiri yankho limakhala "ndimafuna zichepe," kapena "nthawi inandithera," ndipo amenewo si mayankho a chesi. Kenaka timawerenga mokweza ndi zala: mfumu yanga ifuna mamuvu angati kuti idye apa, poni ifuna angati kuti ifike, iye afuna angati, ndani ali ndi mamuvu osungira ambiri, kwini wa ndani abwera ndi cheki. Pali poni yodutsa imene ili kutali ndi anzake? Imeneyo ntchito yake nthawi zambiri si kukhala kwini, ndi kukoka mfumu ya mnzako ipite kutali pamene yako ikukolola mbali inayo. Tikagwirizana, timasinthana mbali n'kusewera, woti "ndapambana" aonetse. Foni imabwera pomaliza, ndipo nthawi zina imatichititsa manyazi tonse, mdala yemwe, koma pamenepo aliyense amakhala akudziwa kuti kuwerenga kwake kunapatukira pati.

Wina anganene kuti maponi awiri atatu sangadye Loweruka lathunthu la anthu akuluakulu. Nikolai Grigoriev wa ku Moscow, amene anamwalira mu 1938, anathera mbali yaikulu ya moyo wake wa chesi pa malo otere, ndipo pa mpikisano wina wa ku France wa m'ma 1930 wopeka malo a maponi awiri kulimbana ndi imodzi, anatenga mphotho 10 mwa 12. Mpaka lero akatswiri amakanda nawo mitu malo amene iye anapeka.

Amene akutivutitsa masiku ano ndi akale kuposa a Grigoriev. Anawatulutsa mu 1901 ndi Emanuel Lasker, amene panthawiyo anali katswiri wa dziko lonse, pamodzi ndi Gustavus Reichhelm. Mfumu yoyera a1, maponi a4, d4, d5, f4. Mfumu yakuda a7, maponi a5, d6, f5. Zinthu zonse ndi zisanu ndi zinayi, choncho Syzygy siifikako, ndipo makompyuta akale ankavutika nawo kwambiri. Palibe poni imene ingasunthe. Mfumu yoyera ili ndi makomo awiri okha olowera, b5 ndi h5. Ikaima pa c4, yakuda iyenera kukhala pa b6 kuti itseke b5, ndipo kuchoka pamenepo onse awiri afuna mamuvu 5 kuti afike mbali inayo, yoyera pa h4, yakuda pa g6. Ndiye kuti wa zakuda akachedwa ndi muvu imodzi yokha, khomo lina latseguka.

Kuchokera apa umawerenga chobwerera. Yoyera ikakhala pa d3, pafupi ndi c4 komanso panjira ya ku h, yakuda iyenera kukhala pa c7. Ya pa c3 mnzake ndi b7, ya pa d2 ndi c8, ya pa c2 ndi b8, ya pa d1 ndi c7, ya pa c1 ndi b7. Kabokosi kalikonse kali ndi mnzake kutsidya, ndipo amene wafika pa kake mnzake ali woyenda ndiye wagwira gemu. Tinajambula bolodi pa katoni ya sopo n'kumalemba manambala ndi cholembera cha wometa, mpaka tinafika pa mzere woyamba. Mfumu yakuda ili pa a7, ndipo kabokosi koyenderana ndi a7 kamene mfumu ya pa a1 ingafikepo n'kupambana ndi b1. Osati b2, kumene dzanja la aliyense limathamangira poti ndi kutsogolo. Ukapita b2, wa zakuda ayankha a8, ndipo ngati sasokoneza manambala ake mudzazungulirana mpaka mdima popanda wolowa. Ukapita b1, iye b7, iwe c1. Iye c7, iwe d1. Iye d7, iwe c2, ndipo b8 imene akuifuna yamutalikira. Abwerera c8, iwe d2. Iye d7, iwe c3. Iye c7, iwe d3. Tsopano asankhe yekha: akapita ku b, mfumu yoyera ithamangira h5 n'kukadya f5, akapita ku d, ilowera c4 ndi b5 n'kukadya a5.